Chifukwa Chake Tinagulitsa Tiyesenso

Ena a inu mwakhala mukundifunsa kuti, “Aise, nyanja ili ndi madzi, nsomba zikuphedwa, nanga inu boti mwagulitsiranji?” Pa buleki nthawi imachepa, ndiponso nkhaniyi siyokamba uku ukutafuna chinangwa. Ndiye ndati ndilembe pano kuti aliyense awerenge yekha. Mwachidule, nyanja ilipo ndithu, koma njira yathu yopitira kunyanjako inakwiririka.

Ndiyambe ndi anzathu ochokera kumtunda, amene Chilwa mumangoiona pa mapu m’kalasi. Nyanja imeneyi siili ngati ya Malawi, yomwe munthu amangotsika pamchenga n’kuponda madzi. Yathuyi yazunguliridwa ndi dambo lalikulu la njedza ndi bango. Kuti boti lichoke padoko lifike pamadzi oyera, limadutsa m’kanjira kopapatiza ka m’njedzamo, komwe ife timangoti ngalande. Chinanso, Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje monga Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi imangothiramo basi. Chilichonse chimene yanyamula, kaya ndi madzi, kaya matope, kaya mchenga, chimathera konkuno. Nyanjayi ndi yosaya, n’chifukwa chake asodzi ambiri amayendetsa boti pokankha pansi ndi nsungwi yaitali.

Boti lathu linali la agogo aamuna, bambo awo a amayi. Mu 1995 nyanja inaphwa, anthu n’kumayenda pansi pamalo pomwe ankaponya maukonde. Bwato limene agogo anali nalo nthawi imeneyo linang’ambika ndi dzuwa. Madzi atabwerera, iwo anagulitsa mbuzi ndi matumba a mpunga, n’kukhometsa boti la matabwa a mkungudza ochokera kuphiri la Mulanje. Analemba okha dzina kutsogolo ndi penti yofiira: Tiyesenso. Amayi amati chilembo cha S chinapendekeka kuyambira tsiku loyamba, ndipo nthawi zonse popentanso bambo ankachisiya chopendekeka chomwecho.

Mkungudza ndi mtengo wina wake. Chiswe sichiudya, suola msanga m’madzi, ndipo ukaupala pang’ono umatulutsa kafungo kabwino ngakhale patapita zaka zambiri. Ndi mtengo wa fuko lathu, koma kuphiri kuja watsala pang’ono kutheratu chifukwa chodula mwachisawawa, ndipo lero kuudula ndi mlandu. Choncho boti ngati limenelo, ngakhale mutakhala ndi ndalama zodzaza thumba, simungakhometsenso.

Agogo atamwalira, bambo ndi amene ankapita nalo kunyanja. Ine ndinayamba kukwera ndili Sitandade 2. Ntchito yanga inali yokapa madzi ndi chigubu chodula pakati. Ndinaphunzirira m’botimo kusiyanitsa makumba ndi matemba, kugwira mlamba osabayidwa ndi minga yake, ndiponso kudziwa kuti mphepo yatembenuka poona mmene njedza zikuweramira. Pa holide tinkagona masiku awiri kapena atatu m’zimbowera, timisasa tomwe asodzi amamanga pamwamba pa udzu woyandama. Udzudzu wake musafunse. Koma nsima ya mlamba wowamba kumene, yodyera pakati pa nyanja, sindinailawenso kwina.

Yunifolomu yanga yoyamba, makope, sopo, mchere, zonse zinkachokera m’boti limenelo. Mlongo wanga wamng’ono atatsala pang’ono kubadwa, msewu unali utadzaza madzi, ndipo amayi anawanyamula pa Tiyesenso mpaka pomwe njinga yamoto inkafika. Mpaka lero iye akavuta kunyumba timamuseka kuti ndi katundu wa m’boti.

Kudikira madzi sichinali chachilendo kwa ife. Mu 2018 nyanja inaphwanso kwambiri. Bambo anakokera boti pansi pa mtengo wa mango, n’kulifunditsa udzu, ndipo ine ndinkalithira madzi a pamjigo madzulo alionse kuti matabwa asatseguke. Chaka chotsatira mvula inagwa yambiri, madzi anabwera okha mpaka padoko, ndipo tinangolikankhira. Tonse tinkadziwa kuti Chilwa imapita n’kubwera.

Namondwe wa Freddy anabwera ndi zina. Anayambira kutali, kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, n’kuwoloka nyanja yonse ya Indian. Anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa choncho. Pa 11 Malichi analowa kachiwiri ku Mozambique cha ku Quelimane, kenaka mvula yake inatikhuthukira kuno kummwera masiku angapo osadukiza. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo chakummwera chagwa m’ngozi. Anthu oposa 600 anafa m’dziko muno ndipo enanso mazanamazana sanapezeke. Ambiri a ife pano tinali Sitandade 8, ndipo mukukumbukira kuti makalasi athu anasanduka misasa.

Kwathu khoma limodzi la nyumba linagwa usiku. Kutacha, madzi anali m’chiuno pabwalo. Masiku awiri athunthu bambo ndi amalume aang’ono ankanyamula anthu pa Tiyesenso kupita nawo kusukulu ya pulayimale, yomwe ili pamalo okwera. Ananyamula nkhalamba, makanda, mbuzi, ngakhale makina osokera a mayi ena amene anakana kukwera popanda iwo. Pa ulendo wina chipika chobwera ndi madzi chinagunda boti n’kuthyola matabwa awiri a m’mbali. Anatseka ndi nsanza n’kupitiriza. Pambuyo pake mmisiri anaikapo matabwa a bulugamu n’kumata ndi phula. Kuwonongeka kwa boti kunathera pomwepo, kunali kochepa.

Zenizeni tinaziona madzi ataphwera, cha mu Meyi. Ngalande yathu kunalibe. Pamalo pake panali mchenga wosalala ngati bwalo la mpira, wosakanikirana ndi miyala, zitsa ndi mitengo yathunthu yochokera kumapiri. Kamtsinje komwe kankathira madzi m’ngalandemo kanapatuka n’kutsegula njira ina kutali ndi mudzi wathu. Kuchokera padoko kukafika pomwe boti lingayandame unali mtunda woyenda pafupifupi theka la ola, ndipo chakumapeto kwake kunali matope omira mpaka m’ntchafu. Madzi tinkawaona akunyezimira patali, maboti a anthu a madoko ena akudutsa.

Chaka chino m’phunziro la Jogalafe aphunzitsi atifotokozera zimene ndinaona ndi maso. Madzi akamatsika phiri amathamanga, ndipo amakhala ndi mphamvu yonyamula dothi ndi miyala. Akafika pachigwa amafooka n’kutula katundu wawo yense. Phiri likakhala lopanda mitengo, ndiponso anthu akalima mpaka m’mphepete mwa mtsinje, katunduyo amachuluka. Ndiye mchenga umene unakwirira doko lathu ndi minda ya anthu a kumtunda. Iwo anataya nthaka, ife tinataya njira.

Musaganize kuti tinangokhala manja lende. Amuna a m’mudzi, motsogoleredwa ndi komiti ya padoko, anayamba kukumba ndi makasu ndi mafosholo. Ankakumba lero, mawa m’mbali mwagumukira. Atakumba milungu itatu anthu anayamba kuchepa, chifukwa aliyense anali ndi nyumba yoti amange ndiponso ana oti adye. Tinayesa kukoka boti pamchenga titayala mitengo pansi. Panafunika amuna 12, ndipo aliyense ankayembekeza kangachepe. Nsomba za tsiku limodzi sizikanakwana kulipira anthu onsewo kupita ndi kubwera. Bambo anaganizanso zokalisiya padoko la mudzi wina, koma kumeneko ndi maola awiri wapansi, pamafunika kulipira mlonda, ndipo mnzawo amene anachita zimenezo anamubera maukonde sabata yoyamba yomwe.

Choncho Tiyesenso anabwerera pansi pa mango. Ndinayambanso kumuthira madzi monga kale. Koma ulendo uno panalibe chimene tinkadikira. Madzi akaphwa amabweranso ndi mvula, pomwe mchenga ukabwera wakhala. Mvula ya 2024 nayo inadula chifukwa cha El Niño, chimanga chinauma chisanabereke, ndipo munda wathu wa mpunga theka lake linali pansi pa mchenga womwewo. Boti likakhalitsa pamtunda limayamba kufa. Matabwa amauma n’kusiyana, phula limasweka, misomali imachita dzimbiri. Pofika mu Julayi ndinkatha kulowetsa chala pakati pa matabwa a pansi. Nkhuku ya amayi inaikiramo mazira.

Kwathu kuno katundu wa agogo sagulitsidwa ndi mkamwini. Bambo anatumiza uthenga kwa amalume aakulu, eni mbumba, ndipo anabwera Lamlungu lina. Anakhala pakhonde, ine ndili kuseri ngati ndikukonza tcheni cha njinga.

“Alamu, ine ndalephera,” anatero bambo. “Likafika dzinja lili pamenepa, mudzagulitsa nkhuni.”

Amalume anatembenukira kwa amayi. “Achemwali, nanga inu mukuti bwanji? Ndi la bambo athu limeneli.”

Amayi anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, “Ababa sanakhomere nkhuku boti limeneli. Lipite kumene kuli madzi. Koma wogulayo asafute dzina.”

Wogula anapezeka mu Ogasiti, bambo wina wa ku Kachulu, ku Zomba, amene amawolotsa anthu ndi katundu kupita pachilumba cha Chisi. Anazungulira boti kawiri, akugogoda thabwa lililonse ndi chala. Kenaka anatulutsa kampeni, n’kupala pang’ono mkati, n’kununkhiza. Anayang’ana bambo n’kunena kuti, “Achimwene, uwu ndi mkungudza weniweni.” Anayamba ndi mtengo wotsika poloza ming’alu ndi matabwa a bulugamu aja. Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, n’kugwirizana K480,000. Za dzina anavomera osavuta. Anati boti losinthidwa dzina limasowa mwayi.

M’mawa mwake anabwera ndi ngolo ya ng’ombe ndi anyamata ake. Anthu a m’mudzi anathandiza kukweza popanda wopempha ndalama, ena mwa iwo ndi omwe aja anawoloka nalo nthawi ya Freddy. Mayi a makina osokera anabweretsa thobwa. Amayi sanatuluke m’nyumba. Ine ndinaperekeza ngoloyo mpaka padoko lina lija, maola awiri, ndikugwirizira kumbuyo pamabampu. Atalitsitsira m’madzi linayamba kulowa madzi paliponse, ndipo mtima wanga unagunda poganiza kuti alibweza. Mwini watsopanoyo anangoseka. Anati lisiyeni ligone m’madzi masiku atatu, matabwa akamwa atupa n’kutsekana okha. Ndinamupatsa chigubu changa chokapira, n’kubwerera kunyumba wapansi.

Ndalama zija zinagawidwa pamphasa usiku womwewo. Zina zinagula matumba atatu a chimanga, zina malata otsekera mbali yomwe inagwa. Zina zinalipira fizi yanga ndi mayeso a JCE. Zotsala bambo anakonzera njinga n’kugula dengu lalikulu. Tsopano amadzuka 3 koloko m’bandakucha kukapikula matemba kumadoko ena n’kukagulitsa m’misika ya kumtunda. Munthu amene ankapha yekha nsomba lero amatsutsana mtengo ndi asodzi anzake. Sadandaula pamaso pathu, koma nsungwi yawo yokankhira boti anaisunga kudenga, ndipo amayi atafuna kuidula kuti ikhale yoyanikira zovala anakaniza.

Pena ndikakhala m’kalasi muno ndimawerengera kuti teremu ino ndikuphunzira ndi matabwa angati a agogo. Zimenezo zimandipangitsa kuti ndisajombe, ngakhale tsiku lomwe ndadzuka wopanda phala. Mwezi watha mnzanga wa Fomu 3 amene kwawo kwa amayi ake ndi ku Chisi anandiuza kuti anakwera Tiyesenso popita kumaliro. Akuti analipenta buluu, koma dzina lilipo, ndi S wake wopendekeka. Nditawauza amayi anafunsa funso limodzi lokha, ngati likulowabe madzi. Ndinati ayi. Anati basi, n’kupitiriza kupeta mpunga.

Nkhani ya ngalande sinathe. Mafumu a midzi itatu agwirizana kuti tiyambirenso kukumba madzi asanabwere, ndipo ulendo uno tizibzala vetiva ndi bango m’mbali kuti mchenga usamagumukire. M’mudzi mwathu mwatsala mabwato anayi omwe eni ake sanagulitsebe, ndipo akapanda kulowa m’madzi chaka chino nawonso apita. Timakumana Loweruka lililonse 6 koloko m’mawa padoko lakale. Anzanga a kumunsi kuno, bwerani ndi khasu kapena fosholo, amene alibe abwere ndi ndowa. A kumtunda, kalabu ya zachilengedwe ili ndi mbande kuseri kwa ofesi ya aphunzitsi zomwe zikusowa wozitenga. Katengeni ziwiri mukabzale m’mphepete mwa mtsinje wa kwanu mvula ikayamba.