Mawu a Mwinimbumba

Lamya inalira pakati pa usiku mu Januwale 2021, patangopita masiku ochepa chimwalirireni nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, tsiku limodzi. Anali mlongo wanga ku Masambanjati.

"Achimwene, mwana wanu uja matenda amuyamba. Miyezi sinakwane."

Mtsikanayo, wotchola tiyi pa esiteti, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Kusikelo anali atasiya kupita. M'mudzi munali mutadzaza mphekesera yoti wotsokomola aliyense akafika kuchipatala akumulemba kuti ndi wa Covid-19, ndipo akamwalira mtembo wake sulowa n'komwe m'nyumba. Tsono iyeyo anali ndi chifuwa.

Mayi athu anailanda lamyayo. "Nonsenu ndinakuberekerani kwa azamba. Lero mukufuna mukanditayire mdzukulu wanga?"

Kwathu mawu omaliza ndi a mwinimbumba, ndipo mwinimbumbayo ndine. Ndiulule pano kuti ndinazengereza. Kuofesi ndinkauza anthu molimba mtima kuti asathawe chipatala, koma kulangiza mwana wa eni n'kosavuta.

Chimene chinandidzutsa ndi timanda tating'onoting'ono ta kumasano kwathu. Edzi itafika povuta, amayi ambiri ankaopa kuyezetsa magazi, ngakhale pamene a Médecins Sans Frontières ndi boma anabweretsa ku Thyolo mankhwala oteteza mwana wosabadwa. Tinaika makanda amene akanakhala anyamata lero.

"Amayi, mundikhululukire. Apite."

Ndinatumiza pa lamya ndalama ya njinga yamoto. Analimbana ndi matope a dzinja mpaka kukafika, ndipo womudikirira analoledwa mmodzi yekha. Kusanache kunabadwa kamwana kakakazi, kochepa ngati botolo.

Tonse tinkayembekeza kuti akalekanitsa ndi mayi wake wotsokomolayo. Ayi ndithu. Namwino anamuveka mayiyo masiki, namusambitsa m'manja, n'kumumangirira kamwanako pachifuwa ndi chitenje, khungu kukhudza khungu, njira ija amati ya kangaru. Anamuuza kuti ayamwitse. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi zimenenso bungwe la WHO linkalangiza: kwa mwana wobadwa masiku asanakwane, kuzizidwa ndi kusowa bere n'zoopsa kuposa kachilomboko.

Mayi athu sananenepo kuti ndinakhoza. Tsiku limene anatuluka m'chipatala, anamulandira mwanayo, namuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati namwino uja amadya nthochi.