Lachisanu pa shedi yokutira njinga ku Malangalanga

Msewu wa Malangalanga mumzinda wa Lilongwe umadzuka m'mamawa. Pofika 6 koloko, maminibasi ochokera ku Kawale, ku Chinsapo, ku Likuni ndi ku Area 25 amakhala atayamba kale kukhuthula anthu kudepoti, amayi a tomato akuthamangira kumsika madengu ali pamutu, zitseko zachitsulo za masitolo a hadiweya zikulira pokwezedwa. Pakona iliyonse pali akabaza, maso ali pa aliyense wotsika ndi katundu.

Kuseri kwa sitolo ina yogulitsa zipangizo za njinga zamoto kuli kashedi ka malata kotchingidwa ndi tenti mbali zitatu. Mwini wake, bambo wa imvi za apa ndi apo, anayamba ndi kumata mapepala akuda m'magalasi a galimoto ndi kudula zilembo zomata pa maminibasi. Njinga zamoto zitadzaza mumzinda, ntchito ina inamupeza yokha: kukuta penti ya njinga ndi pepala loonekera kuti isakandike.

Lachisanu limeneli linali la mu Okutobala, ndipo ntchito yoyamba inali kuwaza madzi. Mnyamata wothandiza anawaza pansi ponse, panja pomwe, mpaka dothi kuda bii. Mmisiriyo salola tsache m'shedi muli njinga. Kambewu kamodzi ka mchenga kakatsalira pansi pa pepala kamaoneka mpaka tsiku lomatula, ndipo mwezi uno fumbi la Lilongwe silisowa polowera.

Woyamba kufika anali mnyamata wa kabaza pa Boxer yofiira, pulasitiki ya kufakitale ikadali pampando.

"Madala, ndatenga dzulo. Muikute yonse, pasaoneke pokandika ngakhale pamodzi."

"Yonse, aphwanga? Ya petulo mutsala nayo?"

Mmisiri anaizungulira njingayo akuloza ndi chala. Pamwamba pa thanki, pomwe makiyi amagunda tsiku lonse. M'mbali mwa thanki, pomwe mawondo amakhuza. Pa madigadi yakutsogolo, yomwe imalandira miyala ya msewu wa fumbi. Pa masaidikava, pomwe nsapato za okwera zimapala pokwera ndi potsika. Kumbuyo, pomwe malegeni omangira thumba la chimanga kapena la makala amadutsa. "Malo ake ndi amenewa," iye anatero. "Kwinako mungotaya ndalama. Ku ekizozi ndi ku injini ndiye musaganizeko n'komwe, pepala limapsa."

Anagwirizana mtengo, ndipo njinga inalowa m'shedi. Ngakhale inali ya dzulodzulo, anaitsuka ndi sopo wamadzi, n'kupukuta thanki ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti kuti mafuta ndi polishi zichoke. Kenako anayala pepala lakhaki pathanki, n'kujambula maonekedwe ake ndi pensulo, kusiya bowo la chotsekera petulo. Kudula amadulira patebulo. Lezala likayenda pamwamba pa thanki, iye amati, mmisiri wawononga yekha chomwe analipidwa kuti ateteze.

Poyamba kumata m'pomwe anthu odutsa anaima kuti aonerere. Mnyamata wothandiza uja anali ndi mabotolo awiri opopera. Loyamba linali la madzi odonthezera shampu ya ana pang'ono, ndipo anapopera pathanki, papepala mbali ya guluu, ndi m'manja mwa mmisiri kuti zala zisasiye zidindo. Pepala linagona pathanki likuterera, mmisiri n'kulikankha uku ndi uku mpaka bowo linalunjika pachotsekera. Apo anapempha botolo lachiwiri, la madzi osakaniza spiriti, lomwe limatsuka sopo uja kuti guluu agwire msanga. Anagwiritsa pakati, kenako anatenga kamphira kosalazira n'kuyamba kukankha madzi kuchokera pakati kupita kumphepete, mzere uliwonse ukupsompsona unzake. Thanki ndi yokhota mbali zonse, choncho m'munsi mwake pepala linachita makwinya osongoka. Anawatenthetsa pang'ono ndi makina a mpweya wotentha, kukoka modekha, kusalaza, makwinya aja n'kugona limodzi limodzi.

"Simungafulumireko, madala? Anzanga akupha makwacha kunjaku."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, aphwanga."

Itakwana 10 koloko njinga inatuluka, ndipo munthu amachita kuyendetsa chikhadabo kuti apeze pomwe pepala lathera. Malangizo anapita pakamwa: asaitsuke kwa sabata, timatuza ta madzi asatibowole chifukwa dzuwa litiumitsa lokha, petulo akadonthera apukute nthawi yomweyo, ndipo pa kawashi asalozetse mpope wamphamvu m'mphepete mwa pepala.

Pa shelefu ya m'shedimo pamakhala mipukutu iwiri. Wina umangokhala poyera, wina amausunga m'katoni yake, ndipo mnyamata saloledwa kuugwira yekha. Wa m'katoniwo ndi wa polyurethane, pulasitiki yofewa yomwe imatamuka osang'ambika. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi mamilimita 0.2, ngati mapepala awiri a m'kope. Mbiri yake ndi ya kunkhondo. M'zaka za m'ma 1960, pa nkhondo ya ku Vietnam, mchenga ndi zinyalala zinkadya mapiko a ndege za helikopita za asilikali a America, ndipo kampani ya 3M inapanga pepala lolimba lomata m'mphepete mwa mapikowo. Pambuyo pake eni galimoto za mpikisano analitengera, kenako linafika pa galimoto wamba ndi njinga zamoto. Lero kuli makampani ngati XPEL ya ku Texas amene ntchito yawo yaikulu ndi imeneyi, ndipo mafakitale a ku China amapanganso lambiri. Kuno limabwera ndi amalonda opita ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg, ndipo chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mmisiri sataya ngakhale kachidutswa kokwana chikhatho. Tizidutswa timeneti amamata pa nyali zakutsogolo ndi pagalasi la mita.

Mpukutu wapoyerawo ndi wa PVC. Ndi wotchipa, ndipo tsiku loyamba umawala chimodzimodzi. Kusiyana kwake kunaonekera dzuwa lili paliwombo, pamene bambo wina anafika akukankha Lifo yakuda. Thanki yake inali itakutidwa ndi pulasitiki yomwe inasanduka yachikasu, yosweka timizere paliponse, m'mphepete mwake muli litsiro lakuda lomatirira.

"Anandimatira mnyamata wina kwathu. Pano ikuoneka ngati yakalekale, achimwene. Ndikufuna kuigulitsa, koma aliyense akaona thanki akudula mtengo."

Mmisiri anakanda ndi chikhadabo, kachidutswa n'kuthetheka. Pulasitiki yotere dzuwa limaiumitsa, imakhwinyata, ndipo guluu wake amatsalira pa penti. Kuichotsa kunatenga nthawi yaitali kuposa kumata yatsopano: kutenthetsa, kukoka pang'onopang'ono moyandikiza kuthanki, kudukadukanso, kuyambiranso. Mwini njinga anati abweretse thina kuti guluu asungunuke msanga. "Thina achotsa guluu ndi penti yomwe," anayankha mmisiri osadzutsa mutu. Mbali imodzi ya thankiyo inali yopoperanso penti njinga itagwa, ndipo pamenepo penti inamatuka pamodzi ndi pulasitiki ngakhale anakoka mosamala. Bamboyo anagwira pakamwa.

"Ndiye mungomatapo chatsopano chibise pamenepa."

"Pepala loonekera silibisa kanthu, achimwene. Pitani akapopere bwino, mudikire mwezi wathunthu penti iume mpaka m'kati, mukatero mubwere."

Nthawi imeneyi mawu oitanira anthu ku mapemphero anamveka kuchokera kumzikiti, ndipo masitolo ambiri mumsewuwo anatsitsa zitseko monga amachitira Lachisanu lililonse masana. Phokoso la magalaindala a owotcherera linayamba lachepa. Akabaza anaunjikana pachiwaya, ena pa nsima ya bonya, ndipo nkhani inatembenukira ku njinga. Wina anati zokutazi ndi matama chabe, njinga ndi injini. Mnzake anamuseka, nati wogula njinga yakale amayamba waona thanki asanamve kulira kwa injini. Wachitatu anati iye amangovala thanki chikopa chosokedwa ndi atelala, chokhala ndi thumba la foni. Mmisiri, mbale ili pamiyendo, anati chikopacho n'chabwino ngati munthu akuchivula kawirikawiri, apo ayi mchenga umalowa pansi n'kumapala penti njinga ikamanjenjemera, ndipo nthawi ya mvula chimasunga chinyezi. Anawonjezera kuti penti yambiri imafera pochapa: sopo waufa, chisanza chimodzi cha matayala ndi thanki yomwe, madzi a mumtsinje odzaza mchenga.

Cha m'ma 2 koloko magetsi anathima. Makina a mpweya wotentha anangoti zii, koma ntchito sinaime. Mnyamata anathamangira kwa mayi wa tiyi kukatenga ketulo ya madzi otentha pambaula, chifukwa madzi otentha nawo amafewetsa pepala. Nthawi yomweyo kunafika mayi wina, chikwama chili kukhwapa, kumbuyo kwake anyamata awiri pa njinga ziwiri za TVS. Ndi mmodzi wa anthu amene amagula njinga n'kupereka kwa anyamata kuti azibweretsa ndalama tsiku ndi tsiku. Mafunso ake anali a munthu wowerengera.

"Bambo, mtengo wakewu ndi waukulu. Chikusiyana n'chiyani ndi pulasitiki yokutira makope a ana?"

Mmisiri sanatsutsane nawo. Anatenga thanki yakale yomwe amasungira zoterezi, theka lake lokutidwa ndi pepala la m'katoni lija. Anapala ndi burashi ya waya mbali zonse ziwiri. Kopanda pepala kunatsala mizere yoyera pa penti. Kwa pepala nako kunaoneka timizere, koma atathirapo madzi a m'ketulo, timizereto tinazimiririka anthu akuona. Pamwamba pa pepala labwino pamakhala kachigawo kofewa komwe kakatenthedwa kamabwerera m'malo mwake. Mmodzi wa anyamata aja anaimba mluzu.

"Nanga akaigwetsa?" anafunsa mayiwo, akuyang'ana anyamata awo cham'mbali.

"Pamenepo ndiye palibe, mayi. Mpeni umadula, phula limang'amba, ndipo thanki ikaphwanyika yaphwanyika. Ili ndi la makiyi, miyala, nsapato ndi mawondo."

Mayiwo analipira thanki ndi masaidikava a njinga zonse ziwiri. Imodzi inali ndi zotchingira zina za pulasitiki yakuda yokhakhala, yosapenta, ndipo mmisiri anakana kumatapo chifukwa guluu sagwira pamalo otere. Ali m'kati mosalaza thanki yachiwiri, kamvulumvulu anadutsa mumsewu atanyamula majumbo ndi mapepala, tenti n'kuyalulika. Fumbi linagwera papepala lomwe mbali ya guluu inali poyera. Mmisiri analitsuka ndi madzi a shampu, kuliyang'anitsitsa padzuwa, n'kupukusa mutu. Analiika pambali kuti adzadulemo tizidutswa, nadula lina. Zikatere amaluza ndi iyeyo, kasitomala sawonjezera kanthu.

Dzuwa litapendeka, msewu unadzazanso. Makondakitala ankakuwa mayina a madera, ogulitsa kaunjika ankayala malonda m'mbali mwa msewu, ndipo njinga zinkaluka pakati pa galimoto zitanyamula anthu, mabanzi, nkhuku ndi malata. Mnyamata wa Boxer yofiira anadutsira pashedi kudzaonetsa kathuza kamodzi pafupi ndi chotsekera petulo. Mmisiri anakadina ndi chala, nati ndi madzi chabe, kadzatha kokha. Bambo wa Lifo anali atapita kalekale kukafunsa mtengo wa penti. Pofika 6 koloko mnyamata wothandiza anali akutsuka timphira tosalazira, mpukutu wodula uja wabwerera m'katoni.

Tsiku lonse njinga zomwe zinakutidwa zinali zitatu zokha, pakati pa mazanamazana omwe anadutsa mumsewuwo. Koma onse amene analipira anali anthu odyera njingayo, ndipo ankawerengera tsiku lodzaigulitsa kuti agule ina. Kwa iwo penti ndi gawo la mpamba. Amene mukuganiza zokuta yanu, chitani ikadali yatsopano, funsani ngati pepalalo ndi la polyurethane kapena la PVC, ndipo kutani malo okhawo omwe amakhuzika. Ngati ndalama ya pepala labwino palibe, ndi bwino kuisiya njingayo momwe ilili n'kumaitsuka ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa kusiyana ndi kumata pulasitiki yomwe idzamatuke ndi penti yanu.