KU BURTON, KWAO KWA KABOTOLO KAKUDA

Amene anagwirapo nchito ya ukhukhi m'nyumba za Azungu ku Fort Jameson kapena ku Migodi adzakumbukira kabotolo kakuda ka citsekero cacikasu, kamene dona anali kukasunga monga mankhwala. Dzina lake ndi Marmite. Ine ndinakaona ndiri mwana, tsiku limene atate anabwera nako kunyumba katatsala pang'ono kutha. Tinapisamo zala ndi kunyambita, ndipo tonse tinalavula. Munali zinthu zakuda bii, zomata ngati phula, zamcere wowawa. Tinazizwa kuti anthu a cuma cotere angaumirire cinthu cosakoma motero.

Kuzizwa kumeneko ndiko kunandikweza sitima ya ku Burton upon Trent pamene ndinali ku Mangalande. Tauniyi iri m'cigawo ca Staffordshire, m'mbali mwa mtsinje wa Trent, pa njanji yocokera ku Birmingham kunka ku Derby. Mlendo asanafunse kanthu, mphuno imamuuza nchito ya eni mudzi, pakuti mphepo ya kumeneko imanunkha cimera cophika, monga pakhomo pamene afulula mowa wa dima. Madzi a m'zitsime zao ali ndi mcere wa m'miyala umene umakometsa mowa, ndipo kampani ya Bass inayamba kufulula kumeneko m'caka ca 1777.

Amai onse adziwa kuti mowa ukapsa pamatsala masese. Kwa ofulula a ku Burton cotsala cacikuru ndi yisiti, cotupitsa cija ca mowa. M'caka ca 1902 kunatsegulidwa fakitale yogula yisiti yotsalayo, kuiphika, kuithira mcere ndi kuiuma madzi kufikira italimba. Ndiyo Marmite imeneyo. Tsono onani, cimene Mngerezi amacilira ali kutali ndi kwao si nyama yonona ai, koma zotsala za mowa.

Komabe tisazinyoze. Muli vitamini B wambiri, ndipo asilikari a Britain anali kupatsidwa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. M'caka ca 1931 dotolo wamkazi, Lucy Wills, anaonetsa ku Bombay kuti Marmite icitsa azimai apakati amene magazi awacepera.

Kuno kwathu njala ya kabotoloka inakula pamene Ian Smith anatseka malire m'caka ca 1973, ndipo mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975 katundu wakunja anasowa m'masitolo a mu Cairo Road. Ife tinali kuima pa mizere ya sopo, shuga ndi saladi. Angerezi a ku Migodi anali ndi kulira kwaokwao: mnzao akapita ku chuti anali kumtuma Marmite, mabisiketi odyera tiyi ndi cizi ya Cheddar. Cina sicinali kutheka kunyamula, ndico nsomba yokazinga ndi mbatatisi, yowaza mcere ndi viniga, yokulunga m'pepala. Kwao ndi cakudya ca anthu wamba, cogula pa ngodya ya mseu poweruka ku nchito. Buka wa ku Mpulungu angakome bwanji, iwo mtima unali pa nsomba ya m'nyanja yao yozizira. Masiku amenewo tinali kuyesa matama.

Ku Burton ndinagona m'nyumba ya alendo ya mai wina wokalamba. M'mawa ndinawafotokozera za ubwana wanga, ndipo anaseka kufikira misozi. Anaoca buledi, napaka batala, ndi kupititsapo Marmite pang'ono pokha, kansonga ka mpeni. Kulakwa kwathu kunali kuinyambita yokha, monga munthu wodya mcere ndi supuni. Yopaka motero ndinaidya yonse. Kunena zoona sindinaikonde, koma sindinalavule.

Madzulo ndinapempha kulowa m'khichini. M'sutikesi mwanga, pansi pa malaya, munali kathumba ka ufa ndi ka kapenta wa ku Siavonga, zimene ndinali kuzidya mosinira kwa masabata asanu, ndi kuwerenga masiku otsala. Kapenta atangogwa m'mafuta, mai aja anatsegula mazenera onse, ngakhale kunja kunali cisanu columa. Ndinawapatsako atatu pa mbale. Anatafuna mmodzi mwaulemu, namwera madzi, ndipo awiri otsalawo ndinadya ndine.