Sajeni wopanda lamulo

Ku usilikali munthu sathamanga chifukwa chakuti wafuna. Wezulo ikalira mbandakucha umadzuka, kaya mutu ukuwawa, kaya mapazi atuluka matuza. Ine anandiumba choncho ku MAFCO, ku Salima, kenaka ndinakhala zaka zambiri ku Kamuzu Barracks kuno ku Lilongwe, ndikuthamangitsa anzanga ndi kuwalimbitsa matupi. Ku DRC ndinapitakonso, ku Beni, m'gulu lija la United Nations limene Malawi, Tanzania ndi South Africa anayamba kutumizako asilikali mu 2013. Za kumeneko sindikonda kukamba. Mu Novembala 2018 anzathu 6 anaphedwa m'nkhalango za kumeneko.

Nditavula yunifolomu, anzanga ambiri analowa ulonda m'makampani, ena anagula minibasi kapena njinga zamoto za kabaza ndi ndalama zopumira. Ine chimene ndinkachidziwa ndi thupi la munthu, choncho ndinapempha malo pabwalo la sukulu ina ku Kawale n'kuyamba kuphunzitsa majimu.

Kunja kuno mawu a sajeni alibe msika. Msilikali ndi mnyamata amene adokotala anamuyeza kale, ndipo maphunziro ake anakonzedwa dala kuti wofooka agwe, wolimba atsale. Amene amabwera kwa ine ndi mayi wa zaka 48 wogulitsa kaunjika, mphunzitsi wa mawondo olira, dalaivala amene wakhala pampando kuyambira ali mnyamata. Ukawakalipira, mawa sabwera, ndipo palibe chimene ungawachite chifukwa ndi iwo akukulipira. Ntchito yanga yonse tsopano yagona pamenepa: munthu achoke pabwalo atatopa mokwanira kuti thupi lisinthe, koma osati mpaka kulumbira kuti sadzapondanso.

Wobwera koyamba sindimupatsa chitsulo. Ndimayamba ndi mafunso. "Mayi, BP munayezetsa liti? Nanga shuga? Pali mankhwala amene mukumwa?" Ambiri amaseka, amati iwo ali bwinobwino. Ndimawatumiza ndithu kuchipatala, kaya cha Kawale kaya cha Area 25, abwere ndi buku lawo ndione. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse m'dziko muno, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sankadziwa n'komwe. Munthu amene BP yake yadutsa 140/90 sindimulola kunyamula cholemera atabanika mpweya. Magazi amakwera nthawi yomweyo. Wa shuga amene wamwa mankhwala asabwere chosadya, angakomoke ndili pompo.

Tikatero timayamba ndi zooneka ngati zachibwana. Kukhala pabenchi n'kudzuka, kakhumi, osagwira mawondo. Kuyenda mofulumira kuzungulira bwalo. Muyeso wanga ndi pakamwa: ngati mungathe kuyankhula koma kuimba kukukanika, liwiro ndi lomwelo. Ngati ndi mawu omwe akudukaduka, chepetsani. A WHO amati wamkulu azichita zotere mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Anthu amakhumudwa akamva kuti n'zochepa choncho. Amayembekezera kuti msilikali awazunza, ndipo ena amaona ngati ndalama yawo yapita pachabe akapanda kudzuka ndi thupi lophwanyika.

Zida zambiri ndinapanga ndekha. Ma jimu a m'tauni ali ndi makina ochokera kunja, koma munthu wa ku Chinsapo sangalipire minibasi ziwiri tsiku ndi tsiku kuti akakwere njinga yosayenda. Ndimathira simenti ndi miyala m'zitini za penti, pakati n'kulowetsa paipi. Chinsinsi chake ndi sikelo: mbali zonse ziwiri zilemere mofanana, apo ayi phewa limodzi limanyamulira linzake. Ndimakayezetsa kwa ogula chimanga simenti isanaume. Zitsulo zenizeni ndimakatola ku Biwi, kwa amakanika, ma diramu a mabuleki otha ntchito, owotcherera n'kundilumikizira. Pali matayala a lole ogubuduza ndi kumenya ndi hamala. Koma chida choposa zonse ndi chigubu cha malita 20. Chikadzaza ndi makilogalamu 20, ukachepetsa madzi chapepuka, ndipo nyumba iliyonse ku Mgona chilipo. Amayi amene amatunga madzi pa kiyosiki ali kale ndi mphamvu zimene abambo a m'maofesi alibe; chimene ndimawaphunzitsa n'kunyamula ndi miyendo, msana uli chilili.

Nkhondo yaikulu ili m'mbale ndi m'kamwa mwa anansi. Kwathu kuno kunenepa ndi ulemu. Mimba ikatuluka amati zinthu zikuyenda. Mayi akatsika thupi, apongozi amafunsa mwana wawo ngati pakhomo pali njala, ndipo oyandikana nawo amayamba kunong'onezana kuti kaya ndi matenda aja. Zaka zimene Edzi inkatha anthu zinatisiyira mantha amenewo, ndipo sanachoke. Ndaonapo amayi amene BP yawo inatsika bwino, mawondo anasiya kuwawa, koma analeka kubwera chifukwa cha miseche ya pa mpopi. N'chifukwa chake sikelo sindiikokomeza. Ndimayeza chiuno ndi tepi ya telala, n'kufunsa ngati akufikabe pamsika ali wefuwefu.

Za chakudya sindiletsa nsima. Amene amauza Mmalawi kuti asiye nsima sanakhalepo ndi njala. Ndimati mitanda ichepe, mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera, masamba achuluke. Nyemba, usipa, mazira, soya ndi nsinjiro zimamanga thupi mokwanira, palibe chifukwa chogulira ufa wa m'zitini umene anyamata amaona pa Facebook. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa pachiwaya womwe. Abambo nkhani ya mchere amaimva. Ya mowa wa Loweruka amayang'ana kumbali.

Ndalama za ntchitoyi n'zosadalirika. Kukampu malipiro ankabwera mwezi ukatha, kugwe mvula kusagwe. Kuno mu Juni ndi Julaye anthu amakanirira m'bulangete, mu Okutobala fumbi ndi kutentha zimawathamangitsa, dzinja bwalo limasanduka matope. Komabe mu Januwale amadzaza, sukulu fizi ikawapana amasowa. Amene amandisunga ndi magulu a amayi a banki m'khonde ndi a kumpingo, chifukwa amasonkha pamodzi, kulipira pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo wina akajomba anzake amakamugogodera okha. Loweruka lina timapita kukathamanga cha ku Bingu National Stadium, kuti aone kuti si iwo okha openga mumzinda muno.

Palinso anyamata amene amabwera akamva kuti MDF ikulemba asilikali. Amenewa ndimawathamangitsa zenizeni, ndipo ndimawauza kuti ayambe miyezi ingapo nthawi isanakwane, chifukwa mafupa a miyendo sakhwima pa sabata ziwiri. Otengedwa amakhala ochepa. Mmodzi amene anabwerera sanafune kusiya. Anayamba kundinyamulira zigubu, ndikumuonetsa poimika bondo ndi pofunsa za mankhwala. Lero gulu la m'mawa la ku Area 23 amaphunzitsa ndi iyeyo, ndipo timagawana pakati.