Ukatuma Pulogalamu, Imvere Mpaka Imalize

Mwanawe,

Amayi ako anakulangiza kale za chakudya, za mapemphero ndi zotumiza kangachepe pa Mpamba mwezi ukatha. Bambo ako, amene imvi zinawamerera akusamalira maseva a ofesi ina ku Mzuzu, asankhapo chinthu chimodzi pa ntchito imene ukukayamba ku Lilongweyo: mmene pulogalamu ya pa seva imatumira inzake, ndi mmene imamverera zomwe yotumidwayo yabweza.

Zimenezi uzikumana nazo tsiku lililonse. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala pa DHIS2, yomwe imasunga zonse mu PostgreSQL, ndipo wosamala seva yotere amatuma pg_dump usiku kuti ikope zonsezo. Kwina pulogalamu imatuma ImageMagick kukachepetsa chithunzi, kapena ffmpeg kukadula kanema. Yotumidwayo ndiyo subprocess. Kuituma nkosavuta, mzere umodzi wakwana, ndipo mpamene ambiri amagonera.

Munthu wa kuno ku Chitimba akatuma mnyamata kukwera Gorodi kukatenga mankhwala ku Livingstonia, sakhutira poona kuti wabwera ndi kathumba. Amafunsa zimene adokotala anena, amafunsanso ngati mankhwalawo akwanira. Subprocess nayo imabweza zambiri kuposa kathumbako. Zotsatira za ntchito zimatulukira pa stdout, madandaulo amatulukira pa stderr, ndipo ikamatseka imasiya nambala yotchedwa exit code: 0 ndiye kuti zayenda, ina iliyonse ndiye kuti pali vuto. Bambo ako anaonapo maofesi akukhala miyezi ali ndi mtima mmalo poti fayilo ya backup imaoneka mmawa uliwonse, chonsecho mkati mwake mulibe kanthu. Shell imapanga fayiloyo pg_dump isanayambe nkomwe, tsono ngakhale password ikanidwe fayilo imakhalapobe. Chinanso, ukalumikiza pg_dump ndi gzip, Bash imakupatsa nambala ya gzip, yomwe ndi yomalizira, pokhapokha utayatsa pipefail. Dandaulo lenileni limakhala lili pa stderr, popanda woliwerenga.

Pali lina limene bambo ako akufuna ulimvetse bwino, chifukwa limasokoneza ndi odziwa omwe. Pulogalamu yako ndi subprocess zimalankhulana kudzera mu paipi, nzeru ya Doug McIlroy imene Ken Thompson anaiika mu Unix mu 1973. Paipiyi ili ndi malire: pa Linux nthawi zambiri imanyamula mabayiti 65,536. Ikadzaza, yolembayo imaima kudikira kuti wina atapemo. Tsono pulogalamu yako ikangoti idikire subprocess imalize ndipo idzawerenge pambuyo, kapena ikamawerenga stdout yokha stderr ikudzaza, zonse ziwiri zimangoyang'anizana mpaka kalekale. Palibe uthenga wa vuto, seva yangoti zii. Choipa nchakuti poyesa pa laputopu yako ndi kafayilo kakang'ono zonse zimayenda bwinobwino. Vuto limadzabuka kumapeto kwa mwezi, malipoti a maboma onse atafika. Mu Python gwiritsa ntchito communicate() kapena subprocess.run(), yomwe inabwera ndi Python 3.5 mu 2015, popeza zimatapa mbali zonse ziwiri. Mu Node.js, exec imaunjika zonse mu memory ndipo imapha yotumidwayo zikapyola maxBuffer, choncho zotuluka zikakhala zambiri tenga spawn, uziwerenga pang'onopang'ono.

Uziika timeout nthawi zonse. Netiweki ya kumidzi ukuidziwa, unakulira momwemo. Nthawi ikatha ipha subprocess, kenako uitengebe exit code yake, apo ayi imatsala m'ndandanda wa seva ngati zombie.

Tsopano za alendo. Chilichonse chimene munthu walemba pa fomu ya pa intaneti, ngakhale dzina la fayilo, usachisakanize ndi lamulo lopita ku shell. Kachizindikiro kamodzi ka semicolon nkokwanira kuti mlendoyo awonjezere lamulo lakelake, seva nkumumvera ngati mwini. Mu 2016 panapezeka chibowo mu ImageMagick, chimene anachitcha ImageTragick: munthu ankatumiza fayilo yooneka ngati chithunzi, mkati atabisamo malamulo, ImageMagick nkuwapereka ku shell. Mu 2014 chibowo china chotchedwa Shellshock chinatsegula maseva ochuluka kudzera mu Bash. Anthu amene analemba mapulogalamu amenewa sanali osadziwa ntchito, ndiye iwe usadzione wochenjera kuwaposa. Pereka dzina la pulogalamu ndi mawu ake ngati mndandanda, lililonse palokha, ndipo shell=True uipewe ngakhale mnzako wa mu ofesi akuuze kuti ndiyo yachidule. Bambo ako sagona akaganiza kuti m'maseva ena muli maina a odwala ndi matenda awo, anthu ngati a m'mudzi muno, amene sadziwa nkomwe kuti pali wina wowasungira chinsinsi.

Kanthu kena kakang'ono koma kakwathu: chilembo ŵ, cha mu Malaŵi ndi m'maina ambiri a Chitumbuka, chimatenga mabayiti awiri mu UTF-8. Ukamawerenga zotuluka zidutswazidutswa, chidutswa chikhoza kuthera pakati pa chilembocho, dzina la munthu nkutuluka lopunduka pa lisiti kapena pa khadi. Iuze pulogalamu kuti encoding ndi UTF-8, usaisiyire kulota, ndipo poyesa uziikamo dala maina okhala ndi ŵ.

Zonse za pa stderr uzizisunga mu log pamodzi ndi nthawi ndi exit code, koma password isalowemo. Akakupatsa makiyi a seva sabata yoyamba, pempha chilolezo ubwezeretse backup imodzi pa kompyuta yoyesera, uone ngati ikutseguka.

Ukafika uimbe foni. Azakhali ako ku Area 25 uwapatse usipa umene amayi ako anamanga m'chikwama chaching'onocho.

Bambo ako,
ku Chitimba