Galimoto ya mphwanga inagona pa njerwa zanga

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti chiliza cha mayi chinayenda bwanji, poti zithunzi ndinaponya koma nkhani yake ndinangoti zii. Sikuti ndinaiwala ayi, manyazi ndiwo anandigwira pakamwa. Lero poti ndamaliza kusosa munda wa kumtunda ndipo mvula ikadali kutali, ndati ndikhale pansi ndikuuzeni zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Mwambo unayenda bwino, tiyamike Mulungu. Anthu anabwera, thobwa linakwana, ndiwo sizinaperewere. Koma m'mawa wa tsiku lomwelo galimoto ya mphwanga, mwana wa mlongo wanga wa ku Lilongwe uja, tinaipeza itakhala pa njerwa, yopanda tayala ndi limodzi lomwe.

Mnyamatayu anafika Lachisanu madzulo pa Hilux yake. Galimotoyo si yatsopano kwenikweni, koma matayala ake abale inu! Marimu onyezimira aja achinyamata amati ma mag, ana ankadziyang'anirapo nkhope ngati pa kalilole. Mwiniwake anandiuza akuseka, anthu ali mbuu kuzungulira, kuti, "Atsibweni, awa ndinagula paokha, ndalama yake mukhoza kugulira ng'ombe." Ndinaseka nawo, osadziwa kuti makutu ena akusunga.

Pakhomo panga pali mpanda wa njerwa, koma chipata chake ndinachiyeza ndi ngolo. Galimoto sikanalowa popanda kukhula, komanso pabwalo panali patadzaza mafuwa, migolo ya thobwa ndi mikeka ya azimayi. Ndine ndemwe amene ndinati, "Kaimike kuseri kwa khola pansi pa mtengo wa mango, kuno kulibe akuba a galimoto." Galu ndinamumangirira kukhitchini kuopa angalume alendo. Usiku wonse kunali mchezo, makwaya akusinthana, jenereta ikulira, zimkuzamawu zili pamwamba. Ngakhale wina akanagwetsa mtengo wa mangowo, palibe akanamva.

Oyamba kuona anali mayi a kunyumba popita kukataya phulusa. Anangobwera n'kundikodola, "Bambo a ana, tabwerani mudzaone." Nditafika miyendo inalefuka. Njerwa zimene anaikapo galimoto zinali za pa uvuni wanga, zomwe ndinaumba kuti ndimangire nyumba yosungiramo mbewu. Manati anali ataunjikidwa bwinobwino pamchenga ngati mtedza. Tayala lililonse la Hilux imeneyo lili ndi manati 6, ndiye kuti anthuwa anamasula manati 24 ife tikuimba nyimbo mamita ochepa chabe. Panali mikwasa ya matayala ogubuduzidwa mpaka kumsewu wa fumbi, pomwe zinaoneka kuti panaima galimoto ina. Galasi sanaswe, batire sanakhudze. Anadzera chimodzi basi.

Mphwanga anazungulira galimoto katatu osalankhula. Kenako anati, "Atsibweni, n'chifukwa chake anthu safuna kubwera kumudzi." Mawu amenewa anandilasa kuposa kubako. Ndinalibe choyankha. Tinapita kumanda, chiliza chinavundukulidwa, abusa analalikira, koma ine mutu wanga unatsalira kuseri kwa khola.

Pobwera kumanda manong'onong'o anali atayamba kale. Pali mnyamata wamasiye amene amamata matayala a njinga pa mphambano. Poti ndiye yekha amene amaoneka ndi masipanala m'mudzi muno, zala zinaloza iye, ndipo achinyamata ena anali atatola kale zibonga. Ndinene zoona, nanenso mumtima ndinamuganizira. Anatipulumutsa ndi amfumu pamodzi ndi a chitetezo cha m'mudzi, amene anati palibe wokhudza munthu, nkhani ipite kupolisi. Apo ndi pamene azimayi ophika anaimirira n'kunena kuti mwanayo anachezera nawo usiku wonse akuwaza nkhuni ndi kutunga madzi, sanachoke ngakhale pang'ono. Ndipo masipanala a njinga angamasule nati ya Hilux? Abale, tikanalemaza mwana wosalakwa pa chiliza cha mayi anga chifukwa cha zitsulo. Ndikaganiza zimenezi mpaka pano tulo timandithawa.

Kupolisi anatilandira bwino, koma mafunso awo anatisowetsa chonena. Matayalawo ndi a saizi yanji? A kampani iti? Pali chizindikiro chimene munaikapo? Mphwanga anali ndi zithunzi zambirimbiri ataima pambali pa galimoto manja ali m'thumba, koma chosonyeza zolembedwa pa tayala panalibe ndi chimodzi chomwe. Wapolisi anatifunsa kuti ngakhale atawapeza pamsika, tidzatsimikiza bwanji kuti ndi athu poti ofanana nawo ndi ambiri. Mpaka lero sanapezeke.

Kuti galimoto ichoke pa njerwapo inali ntchito ina. Sipeya anaisiya, chifukwa imakhala kunsi kwa bodi ndipo kuitsitsa kumafuna kachitsulo kamene kanali m'galimoto yokhoma. Otsala atatu ndiwo anatizunguza mutu. Mnzanga wa Probox anati titenge ake, koma ake ndi a mabowo 4. A ngolo yanga ndi a mabowo 5. Tinachita kukabwereka kwa wogula mbewu wina wa pa Mponela amene ali ndi pikapu yakale ya mabowo 6, ndipo mphwanga anawabweza pa minibasi patatha masiku anayi.

Amene anabweretsa matayala obwerekawo anali makaniko wachikulire, munthu wodekha. Akumanga manati ndinakhala pambali pake n'kumamufunsa ngati mwana wa sukulu, ndipo zimene anandiuza ndi zimene ndikufuna inu a magalimoto mumve.

Anati wakuba matayala safuna zambiri: jeke, sipanala, njerwa, mdima, ndi mphindi zochepa zopanda womusokoneza. Ndiye nzeru yonse ndi yomuchedwetsa ndi kumuchititsa phokoso. Choyamba ndi manati a loko. Pa tayala lililonse mumachotsa nati imodzi n'kuikapo ina imene mutu wake sugwirika ndi sipanala wamba, imamasuka ndi kakiyi kake kokha. Koma pokagula pitani ndi galimoto yomwe, chifukwa nati ya Nissan siyenda pa bawuti ya Toyota ngakhale zikuoneka zofanana, mizere yake ya mkati ndi yosiyana. Pokhalira pake naponso pamasiyana: ina ndi yosongoka, ina ndi yafulati yokhala ndi washala, ndipo mukaika yolakwika tayala limagwedera mumsewu. Nati ya loko imangidwe ndi manja, asakumangireni ndi mfuti ya mpweya ija ya kugalaji, imaononga kakiyi.

Za kakiyiko anachita kubwereza kawiri. Musakasiye m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando, chifukwa wakuba akaswa galasi amayambira momwemo. Musakasiyenso kunyumba, chifukwa tayala likakuphwerani pakati pa Mponela ndi Madisi usiku mudzakhala mwadzibera nokha. Kabiseni penapake m'galimoto pomwe mukudziwa inu ndi akunyumba kwanu, ndipo nambala imene imabwera ndi manatiwo muilembe m'buku. Anandiuzanso mosabisa kuti wakuba wodziwa ntchito nati ya loko amaigonjetsa ndithu, koma zimamutengera nthawi ndi kukhoma kwa hamala, ndipo ambiri akaiona amapita kukafuna galimoto ina yosavuta.

Chachiwiri ndi kaimikidwe, ndipo ichi sichilira ndalama. Mbali imodzi ya galimoto igundike kufupi ndi khoma kuti munthu ndi jeke asapeze pokhala. Chiwongolero muchipinde mpaka kumapeto musanazimitse, matayala a kutsogolo alowe mkati, kuwatulutsa kumavuta. Pakhale powala, ngakhale ka nyale ka sola kokha, ndipo pakhale poti muli m'nyumba mukhoza kumva. Za alamu anati muzifunsa bwino pogula, chifukwa ambiri amalira chitseko chikatsegulidwa kapena galimoto ikagundidwa, koma wina akaikweza pang'onopang'ono ndi jeke amangokhala chete. Ilipo ina imene imamva galimoto ikapendekeka, yofunika ndi imeneyo.

Chachitatu ndi chizindikiro. Mkati mwa rimu iliyonse dindani nambala ya galimoto yanu, ndipo jambulani zolembedwa pambali pa tayala: dzina la kampani, saizi yonga 265/65 R17, ndi mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Manambala anayi omalizira pa mzerewo amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Mukaona 2322, ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2022. Ine ndakalamba chonchi sindinkadziwa. Zikuthandizaninso pogula matayala a kaunjika kuti asakugulitseni lokalamba longopaka polishi.

Mwina ena a kumudzi kuno mukuti izi ndi za eni magalimoto, ife sizikutikhudza. Nanga ngolo zathuzi zimayenda pa chiyani? Si matayala a galimoto omwewo? Ngolo yanga ndiyo imatuta manyowa, imatuta chimanga ndi soya, ndiyo imapita kuchigayo, ndipo mudzi uno ukudziwa odwala angati amene inawafikitsa kuchipatala usiku. Itagona pa njerwa mwezi wa Meyi, mbewu zanga zikhoza kuthera kumunda. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo matayala timachita kuitanitsa kunja. Chinthu chikakwera mtengo, akuba nawo amachidziwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho sabata yomweyo ndinaitana wowotcherera. Anandipangira ngowe yachitsulo imene tinaikwirira m'simenti pansi pa shedi, ndipo madzulo aliwonse tcheni chimadutsa m'mabowo a rimu n'kukhomedwa ndi loko. Marimu ndinawapaka penti wabuluu wotsala pa chitseko, mkati ndinakhomamo timadontho ndi msomali m'njira imene ndikuidziwa ndekha. Akuoneka oipa, ana akuseka, koma wakuba akafuna kugulitsa ayambe wapala kaye. Ndikachoka ulendo wogona, tayala limodzi limagona m'nyumba.

Tsopano pali china chimene ndakhala ndikuchizemba. Matayala a ngolo yangawo ndinawagula zaka zitatu zapitazo kwa munthu amene anabwera nawo pa njinga yamoto chakumadzulo, pa mtengo woti aliyense wanzeru akanadabwa. Sindinafunse kumene achokera. Ndinasangalala kuti ndachenjera, mpaka ndinadzitama kwa anzanga pa bawo. Tsiku lija nditaima kuseri kwa khola kuyang'ana galimoto ya mphwanga, ndinakumbukira munthu uja, ndipo ndinadzifunsa kuti kodi ndani anadzuka m'mawa wina n'kupeza galimoto yake pa njerwa kuti ine ndigule motchipa. Wakuba sadya tayala. Amaba chifukwa akudziwa kuti alipo wina ngati ine amene agule osafunsa. Ndipo lamulo la dziko lino limati kulandira katundu amene ukudziwa kapena ukuganizira kuti ndi wobedwa ndi mlandu. Ndinapulumuka chabe.

Kwa mnyamata wa pa mphambano uja ndinapita ndekha kukapepesa. Anangoti, "Palibe kanthu agogo," maso ali pansi. Njinga zonse za pakhomo pano tsopano amakonza ndiye, koma ndikudziwa kuti ngongole imeneyo sinathe.

Mphwanga anandiimbira patatha masabata awiri. Anati, "Atsibweni, mawu aja ndinalankhula ndi mkwiyo, mundikhululukire. Kuno ku Lilongwe nakonso amaba, mnzanga wa kuntchito anamubera pakhomo pake penipeni." Ndinamuuza kuti wolakwa ndine amene ndinamutumiza kuseri kwa khola n'kumangirira galu. Wagula marimu wamba achitsulo ndi manati a loko, akuti ma mag adikire kaye ana amalize sukulu.

Chipata ndagumula, ndawonjezera mita imodzi, ndipo njerwa zimene ndamangira nsanamira zake ndi zomwe zija anagonekapo galimoto. Inu a kutauni musaleke kubwera, manda a makolo anu ali kuno, ife tili kuno. Mukamabwera ku maliro, ku ukwati kapena ku chiliza, tiuzeni msanga tikonze poimika, ndipo tisankhe anyamata awiri oti ntchito yawo usiku umenewo ikhale ya magalimoto basi, tiwapatse tochi ndi tiyi. Inu anzanga a kumudzi, munthu akabwera ndi tayala lotchipa dzuwa litalowa, mufunseni risiti, akakwiya muuzeni amfumu.

Mphwanga wati abwera pa Khirisimasi ndi ana. Galu ndidzamumasula.