Nsomba Ikaola Imodzi, Kodi Zonse Zaoladi?

Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Mwambiwu unaumbidwa pochenjeza kuti khalidwe loipa la munthu mmodzi limanunkhitsa mbiri ya mudzi wonse, ndipo pa ntchito imeneyo sunafwifwe. Koma mwana wa Fomu 4 wa ku Mpamba amene akukonzekera masamu a MSCE ayenera kuusiya pakhomo polowa m'chipinda cha mayeso. M'menemo nsomba imodzi yoola ndi imodzi basi. Funso limakhala lakuti: mwa nsomba 100 zoola ndi zingati, nanga yankholo munthu angalikhulupirire mpaka pati?

Ana ambiri amaopa gawo la statistics, namaloweza malamulo ake usiku ngati nyimbo ya chilankhulo chachilendo. Chonsecho nzeru yake ili pamsika wa kwawo. Mayi wogula usipa wochokera ku Chintheche sawerenga dengu lonse. Amapisa dzanja, natapa pang'ono, nayang'ana, nanunkhiza, kenaka n'kuweruza dengu lathunthu. Wogula mpunga wa ku Limphasa amachitanso chimodzimodzi pofuna kudziwa kuchuluka kwa wosweka m'thumba. Kuweruza zambiri poona zochepa ndiwo mutu wa phunziroli, ngakhale zozama zake mwanayo adzakumana nazo ku yunivesite.

Tsono pali zinthu zimene mayi uja amazidziwa ndi manja, zimene mwana wake ayenera kuzidziwa ndi cholembera. Satapa pamwamba. Wogulitsa aliyense amaika zokongola poonekera, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dzanja liyenera kufika pansi, pakati ndi m'mbali, kuti nsomba iliyonse ikhale ndi mwayi wofanana wogwidwa. Wophika naye salawa mchere asanavundule ndiwo. Akavundula bwino, supuni imodzi imakwanira, kaya mphika ndi waung'ono kaya ndi wa pamaliro. Apa ndi pamene ophunzira, ngakhale aphunzitsi ena, amapunthwa, chifukwa mtima umakana kuti mphika waukulu sufuna supuni yaikulu.

Amene ananyozera kuvundula anachita manyazi. M'chaka cha 1936 magazini ya Literary Digest ya ku America inalandira mayankho a anthu oposa 2 miliyoni, nilengeza kuti Alf Landon apambana chisankho. Anapambana ndi Franklin Roosevelt, ndipo osati pang'ono. Mayina a ofunsidwa anatengedwa kwambiri m'mabuku a eni matelefoni ndi magalimoto, ndipo mwa iwo ambiri sanayankhe n'komwe. Anatapa zochuluka, koma anatapa pamwamba.

Chinanso n'chakuti dzanja limodzi silinena zenizeni ndendende. Mwana atapeza nsomba zoola 20 mwa 100 zotapidwa bwino, sayenera kulumbira kuti dengu lonse lili choncho. Masamu amamuuza kuti anene modzichepetsa: zoola zili pakati pa 12 ndi 28 pa 100 zilizonse, ndipo njira yoyerekezera imeneyi imalondola maulendo 95 mwa 100. Akafuna kuchepetsa chikaiko ndi theka, kutapa 200 sikukwanira. Ayenera kutapa 400, ndipo pamenepo yankho limapanikizika pakati pa 16 ndi 24. Kutsimikiza n'kokwera mtengo, monga kuona maso a nkhono n'kudekha.

Boma nalo limayendera nzeru yomweyi. Kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, anali kukhuthula dengu lonse pansi, ntchito yodula imene imachitika kamodzi pa zaka pafupifupi 10. Pakati pa zakazo ofufuza amatapa. A Afrobarometer akafuna kumva maganizo a Amalawi amafunsa anthu 1,200 okha, nanena poyera kuti akhoza kuphonya ndi 3 pa 100, m'mwamba kapena pansi. Pawailesi pakamveka zotsatira zotere, sipalephera wina pa sitolo wodandaula kuti iye sanafunsidwe. Kudandaula kwake kukanakhala ndi mutu akanafunsa ngati ofufuzawo anafika ku Usisya ndi midzi ina yovuta kufikako, kapena anangoima m'mbali mwa msewu wa tala.

Choopsa chenicheni sichili pa pepala la MANEB. Mphunzitsi akagwira ana awiri a mudzi umodzi akubera mayeso, msanga pamamveka kuti ana a kumeneko ndi akuba. Mkamwini mmodzi akalephera kumanga nyumba, mtundu wake wonse umatchedwa wa alesi, ndipo mbeta za m'mudzi zimaletsedwa kukwatiwa kumeneko. Awiri ogwidwawo ndi nsomba za pamwamba, zoonekera chifukwa zanunkha. Ana ena makumi atatu a mudzi womwewo, amene analemba mayeso ndi mitu yawo, palibe anapisa dzanja kuti awaone.